Wokonda mbiri ndi luso ali ku Ntcheu, akaphunzire kuti?

Funso: Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale m'boma la Ntcheu. Kuyambira ndili mwana ndimakonda mbiri yakale ndi zojambulajambula. Pa Facebook ndimaona zidziwitso za maphunziro ndi nkhani zokambidwa ndi akatswiri, koma pafupifupi zonse n'za ku Ulaya ndi ku America, zina n'zolipira madola. Kodi kwathu kuno zoterezi ziliko? Nanga za pa intanetizo, ndi ziti zoyenera kutherapo bandulo yanga?

Yankho: Aphunzitsi, ziliko ndithu, kungoti sizilengezedwa mwadongosolo. Palibe malo amodzi amene mungapite n'kupeza mndandanda wa nkhani za mbiri ndi luso zimene zikambidwe mwezi uno m'dziko muno. Zambiri zimachitikira ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Lilongwe. Zimalengezedwa kutatsala masiku ochepa, pa tsamba la Facebook la okonzawo kapena m'magulu a WhatsApp, ndipo munthu wa ku Ntcheu amazimva zitatha kale. Ndikutchulirani malo oti muzitcherako khutu. Koma langizo langa lalikulu ndi ili: yambani mwasankha nkhani imodzi imene mukufuna kuidziwa mpaka pa muzu, kenako muzifunafuna maphunziro okhudza nkhani imeneyo.

Munthu amene lero wamvera za mafumu a ku Egypt, mawa za ojambula a ku Italy, mkuja za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, amasangalala ndithu, koma pakatha chaka mukamufunsa kuti watolapo chiyani amangoti zinali bwino. Tsono taganizirani wina amene wadzifunsa kuti, "Angoni a kwa Gomani anafika bwanji kuno, nanga chinachitika n'chiyani kuti lero azilankhula Chichewa?" Ameneyu chilichonse chimene wamva ali ndi pochiika. Katswiri akamaliza kulankhula amadziwa chofunsa, ndipo wina akamamunamiza amazindikira. Funsolo likhoza kukhala lina lililonse: zojambula za m'mapanga, nsalu za chiwondo, mbiri ya sukulu imene mukuphunzitsapoyo, kaumbidwe ka mbiya m'mudzi mwanu. Chofunika n'chakuti likhale limodzi, ndipo likhale la pafupi moti mungathe kukaona ndi maso anu.

Pamenepa inu muli ndi mwayi umene anthu a m'tauni alibe. Mukatsika msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti, n'kukhotera mbali ya ku Salima, simuchedwa kufika ku Mua. Mishoni imeneyi inakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsapo malo a Kungoni. Poyamba anali malo ophunzitsirapo osema, koma anakula kufikira kukhala ndi myuziyamu ya Chamare, imene m'zipinda zake zitatu muli mbiri ya Mua ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira kubadwa kwa mwana, chinamwali, ukwati, ufumu mpaka maliro. Muli nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400. Ku Kungoni amakonzanso maphunziro a chikhalidwe a magulu, ndipo pali pogona. Kwa ine, m'chigawo chapakati mulibe kalasi ya mbiri ndi luso yoposa imeneyi. Koma musapiteko mothamanga. Ambiri amazungulira ola limodzi, kugula chosema, n'kubwerera. Inu tengani kope, pemphani wokuperekezani kuti muime nthawi yaitali m'chipinda chokhudza funso lanu, ndipo mukatuluka pitani kumene kuli osema mukaone mmene thabwa limasandukira munthu. Foni musaitulutse kuti mujambule musanapemphe. Ndipo ngati simunamete, dziwani kuti pali mafunso ena a kudambwe amene wokuperekezaniyo adzangowasekerera osayankha. Musamukakamize.

Dera lomwelo la Mtakataka ndi kumene kuli Mankhamba, likulu lakale la a Kalonga. Katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anakumba pamalopa n'kupeza mikanda yagalasi, mapale a mbale zadothi zochokera ku China, zinthu zamkuwa ndi minyanga ya njovu. Zimenezi zikusonyeza kuti Amaravi ankachita malonda ofika kunyanja yamchere kalekale azungu a Livingstone asanaponde kuno. Mukadzamva kuti pali nkhani ikukambidwa yokhudza Mankhamba, kaya pamaso kaya pa intaneti, imeneyo musaiphonye.

Kumtunda, kumpoto kwa boma la Dedza, kuli Chongoni. Bungwe la UNESCO linaika derali pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006 chifukwa cha zojambula za pamiyala zopezeka pamalo 127. Mukafika ku Chentcherere, ku Namzeze kapena ku Mphunzi, yambani mwasiyanitsa mitundu. Zofiira, zimene zambiri ndi mizere, mabwalo ndi madontho, ndi zakale kwambiri, ndipo akatswiri amati anajambula ndi Akafula, alenje amene Achewa anawapeza m'dziko muno. Zoyera zinapakidwa ndi dothi loyera, kawirikawiri ndi chala, ndipo n'za alimi a Chichewa. Zina mwa izo zimagwirizana ndi chinamwali cha atsikana, zina ndi Nyau. Kungoima pansi pa thanthwe n'kuona pamene choyera chinapakidwa pamwamba pa chofiira, mwaphunzira kale njira imodzi imene akatswiri amadziwira chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Palibe vidiyo imene ingakuphunzitseni zimenezo bwino kuposa thanthwelo. Pitani ndi woperekeza wa m'deralo, ndipo ngati mwatenga ana a sukulu, auzeni musanafike kuti palibe kukhudza, kulemba dzina ndi khala, kapena kuthira madzi kuti chithunzi chioneke bwino. Zojambula zambiri zawonongeka ndi manja a alendo okonda.

Miyambo ya chaka ndi chaka nayonso ndi maphunziro, ngakhale anthu saitchula choncho. Umhlangano wa Angoni a Maseko umachitikira kwanu komweko ku Nkolimbo. Kulamba kumachitikira ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumapeto kwa Ogasiti, pamene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Kuli Umthetho ku Hora m'boma la Mzimba, kuli Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde ku Mulanje. Koma ndikuchenjezeni: mbiri imene imawerengedwa pa chinkuzamawu tsiku la mwambo ndi yachikondwerero. Imatamanda, imadumpha mikangano ya ufumu, ndipo andale akalowererapo imafupika. Muimvere, koma mbiri yeniyeni ili kwa agogo amene akhala chapatali pa mphasa, amene mukawafikira mwaulemu dzulo lake kapena mawa lake akhoza kukuuzani zimene sizinenedwa pagulu.

Tsopano za m'tauni. Bungwe limene lakhala likukonza nkhani za mbiri kwa nthawi yaitali ndi Society of Malawi, limene linayamba mu 1946 likutchedwa Nyasaland Society. Lili ku Mandala House mumzinda wa Blantyre, nyumba yosanja imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882. M'chipinda chapamwamba muli laibulale ya mabuku akale, zithunzi ndi mapu, ndipo pansi pamakhala poonetsera zojambula za amisiri a masiku ano. Bungweli limatulutsa magazini ya kafukufuku kuyambira 1948. Nkhani zake zimakambidwa m'Chingerezi, ndipo zolemba zakale za m'magaziniyo zambiri analemba ndi atsamunda, amishoni ndi eni maesiteti, kotero muziwerenga mukudziwa kuti wolembayo ankaona Mngoni kapena Mchewa ali pakhonde la bwana. Komabe muli zinthu zimene simungazipeze kwina kulikonse. Mukapita ku Blantyre pa holide, patulani tsiku la Mandala ndi myuziyamu ya ku Chichiri, imene inatsekulidwa mu 1966. Pa 18 Meyi, limene ndi tsiku lokumbukira mamyuziyamu pa dziko lonse, muzifunsa ngati a nthambi ya boma yoona za mamyuziyamu ndi zipilala akonza chilichonse.

Mayunivesite amakhala ndi nkhani zapoyera, makamaka pulofesa watsopano akamalankhula koyamba pa udindo wake, kapena kukabwera mlendo wochita kafukufuku. Izi sizilipiritsa ndipo munthu wamba amaloledwa kulowa, kungoti ambiri amaopa geti. Tsatirani masamba a University of Malawi ku Zomba, kumene kuli nthambi za mbiri ndi zaluso, a MUST ku Thyolo, kumene kuli Bingu School of Culture and Heritage, ndi a Mzuzu University. Masiku ano zina amazionetsa pa Facebook nthawi yomweyo, ndiye mukhoza kuonera muli pakhomo.

Ku Zomba komweko kuli National Archives, kumene kumasungidwa makalata a boma. Si kalasi, koma munthu wokhala ndi funso limodzi akakhalamo masiku awiri amatuluka atadziwa zambiri kuposa amene wamvera nkhani khumi. Mumalemba fomu, kulipira kandalama, n'kuitanitsa mafayilo, monga malipoti a a DC a chaka ndi chaka. Dziwiranitu zinthu ziwiri. Moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unapsereza makalata ambiri akale, kotero za m'zaka za m'ma 1890 n'zoperewera. Chachiwiri, pofufuza m'mafayilo kapena pa intaneti gwiritsani ntchito maina a nthawi imeneyo. Boma lanu linkalembedwa Ncheu, dera la Dedza ndi Lilongwe linkatchedwa Central Angoniland, Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Thyolo inali Cholo, Nkhotakota inali Kota Kota. Anthu ambiri amagwa ulesi n'kunena kuti za kwawo sizinalembedwe, pamene vuto ndi dzina limene alemba pofufuza.

Ku Karonga n'kutali, koma mukadzapeza mpata kaoneni myuziyamu imene inatsekulidwa mu 2004, mmene muli chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chakalekale chimene chinatha, ndi nkhani ya chibwano cha munthu wakalekale chimene chinapezeka ku Uraha mu 1991.

Mwatchulanso zojambula. Ngati mukufuna kuphunzira kujambula kapena kusema ndi manja anu, ndinene mosabisa kuti makalasi a madzulo a akuluakulu ndi osowa kuno, ndipo ochepa amene amapezeka ali m'mizinda. Amisiri athu ambiri anaphunzira pokhala pambali pa mmisiri wina. Njira imeneyo ikadali yotsekuka. Pezani wosema, woumba kapena wojambula zikwangwani amene ntchito yake imakusangalatsani, mugwirizane naye kuti muzipita Loweruka, muzimupatsa kenakake. Pa zikondwerero monga Blantyre Arts Festival, kapena Tumaini ya ku Dzaleka imene inayamba mu 2014, mumakumana ndi ojambula ambiri pamalo amodzi, ndipo ndi pamene mungatengere manambala ndi kulowetsedwa m'magulu a WhatsApp amene zidziwitso zimayendamo.

Tibwere ku intaneti. Musanalipire dola ngakhale imodzi, malizani kaye zaulere, ndipo simungazimalize. Gresham College ya ku London yakhala ikupereka nkhani zaulere kwa anthu wamba kuyambira 1597, ndipo masiku ano zimaikidwa pa YouTube. Smarthistory ili ndi mavidiyo afupiafupi a mbiri ya zaluso, mmene akatswiri awiri amaima pa chinthu chimodzi n'kumachikambirana. Ndimaikonda chifukwa imaphunzitsa kuyang'ana: kufunsa kuti chinapangidwa ndi chiyani, anapangira ndani, chinkaikidwa pati. Mafunso omwewo mukawatengera ku Mua amagwira ntchito. OpenLearn, ya Open University ya ku Britain, ili ndi maphunziro aulere amene ambiri ndi owerenga, osadya bandulo. Mabuku a UNESCO a General History of Africa amapezeka aulere, mukhoza kuwasunga pa foni. Pa JSTOR, tsamba losunga magazini a kafukufuku, mukatsekula akaunti yaulere amakulolani kuwerenga nkhani zingapo pa mwezi, ndipo magazini ya Society of Malawi ija ili momwemo.

Zokhudza kwathu mwachindunji ziliponso. British Museum inaika pa intaneti zithunzi za zojambula za pamiyala za mu Africa, ndipo za ku Malawi zilimo. Livingstone Online ili ndi makalata ndi zolemba za David Livingstone zojambulidwa mmene zilili. International Library of African Music, ku Rhodes University ku South Africa, imasunga nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950. Bungwe la Scotland Malawi Partnership limachititsa misonkhano ya pa Zoom, ina yokhudza mbiri ya maiko awiriwa.

Pa misonkhano yochitika nthawi yomweyo, samalani wotchi. Ife sitisintha nthawi, koma a ku Britain amasintha. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala tili patsogolo pa London ndi ola limodzi, miyezi inayo ndi maola awiri. Nkhani ya 6 koloko madzulo ku London ndiye kuti kuno ndi 7 kapena 8 koloko usiku. Ya 12 koloko masana ku New York imatipeza 6 kapena 7 koloko madzulo, koma ya madzulo kumeneko imagwa pakati pa usiku, ingoisiyani. Pa Zoom zimitsani kamera yanu, chifukwa vidiyo ndi imene imamaliza bandulo. Ndipo kunena zoona, pokhapokha ngati muli ndi funso loti mufunse wolankhulayo, palibe chifukwa cholimbana ndi netiweki yodukaduka kapena kuzima kwa magetsi. Lembetsani dzina, chifukwa okonza ambiri amatumiza zimene ajambula kwa olembetsa, kenako mudzazitsitse usiku pa bandulo yotsika mtengo n'kumvera modekha, kope lili pambali. Nkhani ya mbiri imamveka ngakhale chithunzi chikhale chosaoneka bwino. Ya zojambula ndi imene imafuna chithunzi chooneka.

Chovuta kwambiri pa intaneti si kusowa kwa nkhani koma kuchuluka kwa olankhula molimba mtima zinthu zimene sanazifufuze. Ndikupatsani muyeso wa kwanu komweko. Mudzamva kawirikawiri kuti Angoni anaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kunachitika kadamsana. N'zoona, koma amenewo ndi Angoni a Zwangendaba Jere, makolo a anthu a M'mbelwa ku Mzimba ndi a Mpezeni ku Chipata. A Maseko anali gulu lina, anayenda njira yawo, anakafika mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania ali ndi mfumu yawo Mputa, n'kubwerera motsogozedwa ndi Chidyaonga kudzakhazikika ku Domwe, tsidya la malire ku Mozambique. Kuchokera pamenepo ndi pamene tikumva za Chikuse, ndi za Gomani woyamba amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Wolankhula amene akusakaniza magulu awiriwa ngati ulendo umodzi, dziwani kuti wangotola za pamwamba, ndipo zina zimene akunena muzitenge mosamala. Funso loyesera aliyense ndi lofatsa: "Zimenezi munazipeza kuti?" Katswiri weniweni amakondwa nalo. Amakuuzani kuti izi zili m'fayilo yakuti, izi anandiuza mkulu wa mudzi wakuti, apa pokha akatswiri sagwirizana. Wina amene amakwiya kapena kuyankha kuti aliyense akudziwa, musatayenso bandulo pa iye. Safunsa anadya phula.

Za maphunziro olipira, funsani kaye chimene mukugula. Ngati ndi chidziwitso, kawirikawiri chimapezeka chaulere kwina. Ngati ndi satifiketi yoti ikuthandizeni pa ntchito, kapepala kongosonyeza kuti munamvera nawo sikalowa m'malo mwa dipuloma kapena digiri, ndipo sukulu ya kuno yolonjeza zimenezo yambani mwaifufuza ku National Council for Higher Education ngati ili yovomerezeka. Kuphunzira uli kutali si chinthu chachilendo kwa Amalawi. Malemu D.D. Phiri, amene ambiri tinadziwira mbiri ya dziko lino kudzera m'zolemba zake, anapeza digiri ya University of London pophunzira kudzera m'makalata, kulibe intaneti, akugwira ntchito masana.

Chotsala ndi chimene mungachite inuyo osadikira kuti wina akonze. Muli ndi TDC, malo okumanirapo aphunzitsi, m'zoni yanu, muli ndi aphunzitsi anzanu, ndipo sindikukayika kuti atatu kapena anayi mwa iwo ali ndi chidwi chonga chanu. Kambiranani ndi a PEA, alangizi a sukulu za m'zoni yanu, akubwerekeni chipinda Loweruka limodzi pa mwezi. Mwezi wina mumvere limodzi nkhani imene mmodzi watsitsa pa foni n'kuikambirana m'Chichewa. Mwezi wina muitane mkulu wa m'mudzi, mphunzitsi wopuma, nyakwawa kapena mayi woumba mbiya. Mwezi wina musonkhe ya minibasi mupite ku Mua kapena ku Chongoni. Ophunzira a ku yunivesite amene akuchita kafukufuku m'dera lanu nthawi zambiri amavomera kudzalankhula mukawapempha, poti nawonso amafuna anthu owalozera njira.

Mukaitana achikulire, dzerani kwa amfumu, ndipo musapite chimanjamanja. Pemphani chilolezo musanayambe kujambula mawu, ndipo afotokozereni kumene mawuwo adzamvekere. Kumayambiriro kwa chojambulacho nenani tsiku, mudzi, dzina ndi mfunda wa wolankhulayo, komanso amene anamuuza nkhaniyo, chifukwa "ndinamva kwa agogo anga amene anaona" n'kosiyana ndi "ndinamva pa wailesi". Musawadule pakamwa pofuna kuwakonza ndi zimene munawerenga. Lembani kusiyanako m'kope, mudzafunse wina wa banja lina nkhani yomweyo. Pomaliza, zojambulazo musazisunge pa foni imodzi yokha. Tumizirani anzanu awiri a m'gululo tsiku lomwelo, ndipo mfundo zikuluzikulu muzilembe m'kope losungidwa ku TDC, chifukwa mafoni amabedwa ndipo mamemori khadi amafa.